Terra Sonâmbula: buku la Mia Couto ndi filimu yake, inu mwaona bwanji?

Aphunzitsi Mbewe (Ulongwe):
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya buku la Mia Couto lija, Terra Sonâmbula, lomwe linatuluka mu 1992, chaka chimene nkhondo ya pachiweniweni ya kuno ku Mozambique inatha, ndi filimu yake imene anakonza mayi Teresa Prata mu 2007. Achinyamata amene timawerenga nawo mabuku Loweruka masana analimaliza bukuli mwezi watha, ndiye tinati tioneko filimuyo pa laputopu. Itatha panabuka mkangano woti mpaka dzuwa kulowa. Ambiri mwa iwo akuti filimu ndiye yabwino chifukwa nkhani ikumveka msanga. Ine mtima wanga uli ku buku, ndipo chifukwa changa chachikulu ndi chimodzi. M'buku, Kindzu sitimuona ndi maso. Timangomva mawu ake kudzera pakamwa pa mwana amene akuwerenga makope usiku, nkhalamba ili pambali kumvetsera. Mufilimu, mwana akangotsegula kope, chithunzi chimasintha, Kindzu uja n'kuonekera akuyenda yekha ndi miyendo yake. Pamenepo kuwerenga kwatha, ndipo kwa ine msana wa nkhani yonse unali kuwerengako. Amene munaona ziwiri zonsezi tandiuzeni maganizo anu.

Madalitso (Calomue):
Aphunzitsi, ena a ife sitinawerenge komanso sitinaonere. Tiuzeni kaye nkhaniyo mwachidule kuti tizitsatira.

Aphunzitsi Mbewe (Ulongwe):
Chabwino Madalitso. Ndi nthawi ya nkhondo. Nkhalamba ina dzina lake Tuahir ikuyenda pamsewu ndi mnyamata wamng'ono, Muidinga, atachoka kumsasa wa othawa nkhondo. Mwanayo anadwala kwambiri mpaka anaiwala zonse, dzina lake lenileni, makolo ake, kwawo. Afika pa basi yowotchedwa, mkati muli mitembo yopserera. Tuahir akuti tikhale momwemuno, zigawenga sizibwerera kudzaotcha chomwe zinaotcha kale. Akwirira mitemboyo. Chapafupi apeza mtembo wina wa mnyamata amene sanapse koma anachita kuomberedwa, pambali pake pali sutikesi, m'sutikesimo muli makope olembedwa pamanja. Mwini makopewo ndiye Kindzu. Kuyambira pamenepo buku limayenda ndi nkhani ziwiri mosinthana: mutu umodzi wa awiriwa pa basi, kenako kope limodzi la Kindzu. Mitu ilipo 11, makope nawonso 11. M'makopemo Kindzu akufotokoza m'mene anachokera kwawo kufuna kukakhala naparama, wankhondo wa m'midzi woteteza anthu wamba, n'kukumana ndi mayi wina, Farida, amene akukhala yekha m'sitima yapamadzi yotitimira pafupi ndi gombe. Farida amupempha kuti akamufunire mwana wake wotayika, Gaspar.

Tadala (Tete, ku Matundo):
Ine ndinayamba ndi filimu, buku ndinaliwerenga pambuyo. Aphunzitsi mundikhululukire, koma sindikugwirizana nanu. Chipwitikizi cha Mia Couto si chapafupi. Amapanga mawu akeake, amalumikiza awiri kukhala amodzi, ndipo ife amene tinakula ndi Chinyanja pakhomo n'kukakumana ndi Chipwitikizi kusukulu timapunthwa tsamba lililonse. Filimu ndi imene inandipatsa nkhope za anthuwa. Nditatsegula buku ndinali ndikudziwa kale kuti Tuahir amayenda bwanji, amayang'ana bwanji mwanayo akakwiya. Aladino Jasse anasewera bwino kwambiri gawo limenelo. Nkhope youma, mawu ochepa, koma ukamuyang'anitsitsa umaona kuti mwanayo amamukonda kuposa moyo wake. Popanda filimu ine bukuli ndikanalisiya pa mutu wachitatu.

Aphunzitsi Mbewe (Ulongwe):
Za Aladino Jasse sinditsutsa ngakhale pang'ono, Tadala. Mwanayonso, Nick Lauro Teresa, anachita bwino, sakuoneka ngati woloweza mawu.

Bambo a Yosefe (Zobue):
Ine si munthu wa mabuku, ntchito yanga ndi chiwongolero. Filimuyi anandionetsa mwana wanga pafoni. Ndinene za basiyo basi. Amene munabadwa nkhondo itatha simudziwa kuti msewu uwu wochoka kuno ku Zobue kudutsa Moatize, kuwoloka mlatho wa Tete mpaka ku Cuchamano unali wotani. Galimoto sinkayenda yokha. Tinkadikira koluna, magalimoto ambirimbiri pamzere, asilikali a ku Zimbabwe kutsogolo ndi kumbuyo. Nthawi imeneyo ndinali wothandizira dalaivala pa lole. M'mbali mwa msewu munali zigoba za magalimoto opsa, malole, mabasi. Ndimakumbukira ina imene inali itagona chammbali pafupi ndi kamtsinje. Matayala analibe, panangotsala mawaya ozungulira pa marimu. Mipando inapsa yonse n'kutsala masipuling'i okhaokha, ndipo udzu unamera kudutsa pansi mpaka kutulukira pamawindo. Dalaivala wanga akafika pamenepo ankasiya kulankhula, n'kuponda mafuta. Nditaona basi ya mufilimuyo thupi langa linachita tsembwe. Imeneyo anaitenga ndendende. Buku lingafotokoze bwanji mtundu wa chitsulo chopsa chija kwa mwana amene sanachionepo?

Chikumbutso (Moatize):
Mawu amenewo ndi olemera, bambo. Aphunzitsi, pamenepa filimu yapambana, vomerani.

Aphunzitsi Mbewe (Ulongwe):
Pa basiyo ndavomera ndi mtima wonse. Diso la kamera limaposa cholembera pa zinthu zotere. Koma taonani chimene buku limachita ndi basi yomweyo. Awiriwa sapita kutali. Amachoka, n'kuzungulira, n'kubwerera pa basi. Koma m'mawa uliwonse mwana akadzuka atawerenga kope usiku, amapeza kuti dziko lozungulira basi lasintha. Mtengo umene unali apa palibe, pamene panali pouma pamera tchire. Basi ili pomwepo, dziko ndi limene likuyenda, ngati munthu woyenda ali m'tulo. Ndipo kusinthako kumabwera mwana akawerenga. Wowerenga buku amayamba kudzifunsa: kodi dziko likusinthadi, kapena ndi maso a mwana amene akutseguka chifukwa cha zomwe wawerenga? Filimu nayo imasonyeza kuti msewuwo ndi wodabwitsa, umawabweza ndi kuwasuntha, koma ukaona ndi maso funso lija limafa. Umangoti ndi matsenga a mufilimu, basi.

Nachisale (Domwe):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilankhuleko. Ine ubwana wanga ndinaudyera tsidya lija la Malawi, chakufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu. Tinathawa ndi amayi ndi agogo usiku, ine ndili kumsana. A ku Angonia ambiri tinkangowoloka msewu waukulu uja wa Dedza ndi Ntcheu, pakuti malire ndi msewu womwewo, n'kukakhala kwa achibale kapena m'misasa. Dziko la Malawi linasunga anthu athu opitirira miliyoni imodzi nthawi imeneyo.

Chimene chinandigwira m'buku si basi ayi, koma m'mene Tuahir amakanira kutchedwa malume. Mwana akangomuitana choncho, iye amakalipa, amati ine si mbale wako. Kwathu kuno mwana aliyense amaitana wamkulu kuti malume, agogo, bambo, ndipo palibe amene amakana. Ndiye poyamba ndinaona ngati nkhalambayi ndi youma mtima. Koma ndinakumbukira amayi ena amene tinayandikana nawo nyumba kumsasa. Anatola kamnyamata panjira pothawa, kosadziwa kwawo, kongodziwa dzina lake loyamba. Anakalembetsa pa khadi lawo la chakudya, ankakagawira ufa ndi nandolo mofanana ndi ana awo, ankakasambitsa ndi kukameta. Koma kakati amayi, iwo ankati usanditchule choncho, amako alipo, adzabwera. Ndili mwana ndinkaona ngati nkhanza. Nditakula ndinazindikira kuti ankaopa ziwiri: kuti kamwanako kangaiwale make, ndiponso kuti tsiku lina eni ake akadzabwera mtima wawo ungadzang'ambike. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pa nkhondo mawu amenewo ankawawa kuwakwaniritsa.

Ndiye buku limatenga nthawi yaitali kuti Tuahir afewe. Pang'onopang'ono, mutu ndi mutu, mpaka pafupi ndi mapeto pamene awiriwa amayamba kusewera kuti mwana akhale Kindzu, nkhalamba ikhale Taímo, bambo ake a Kindzu. Amachita kubwereka mayina a anthu a m'makope kuti athe kuitanana bambo ndi mwana. Pamenepo ndinatseka buku n'kulira. Filimu ya ola limodzi ndi theka ilibe mpata woti munthu afewe pang'onopang'ono chotero.

Tadala (Tete, ku Matundo):
Amayi, zikomo potiuza zimenezi. Kamnyamatako eni ake anabwera?

Nachisale (Domwe):
Mpaka pamene tinkabwerera kuno mu 1994 kunalibe amene anabwera. Kanabwerera limodzi ndi banja lomwelo. Pano ndi bambo wa ana ake, ali ndi munda wake wa mbatata.

Esinta (Furancungo):
Ine ndimagwira ntchito ya unamwino, ndiye ndiwonjezere pa matenda a Muidinga, chifukwa ena amaona ngati wolemba anangopeka. M'buku mwanayo anadwala atadya chinangwa chowawa chifukwa cha njala, ndipo Tuahir anamupeza pakati pa ana akufa amene ankapita kukawakwirira, n'kuona kuti uyu akupumabe. Matenda amenewo alipodi. Mu 1981 ku Nampula, nthawi ya chilala, anthu ambiri, makamaka amayi ndi ana, anauma miyendo mwadzidzidzi. Kumeneko ankawatcha mantakassa, madokotala amati konzo. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene amachoka ukachiviika m'madzi masiku angapo n'kuchiyanika bwino. Munthu wothawa nkhondo kapena wa njala sadikira zimenezo, amangokumba n'kudya. Ndiye zimene zimaoneka ngati nthano m'bukuli, zambiri zili ndi mizu m'zinthu zimene zinachitikadi. Ana athu akamaonera filimu aziuzidwa zimenezi.

Chikumbutso (Moatize):
Nanga za naparama zija n'zoona? Ine ndinkayesa ndi zopeka.

A Jere (Tsangano):
N'zoona mwana wanga. Anayambira ku Zambézia n'kufalikira ku Nampula chakumapeto kwa nkhondo, mtsogoleri wawo anali Manuel António. Anali anthu wamba a m'midzi otopa ndi kuphedwa. Ankatemera mankhwala m'thupi n'kumakhulupirira kuti chipolopolo sichingawalowe, ndipo ankapita kunkhondo ndi mikondo ndi zikwanje. Mtsogoleriyo anaphedwa mu 1991. Kuno kwathu tinkangomva mbiri yawo.

Koma ine ndili ndi dandaulo lina, pa buku ndi filimu yomwe. Wolemba ndi mzungu. Wokonza filimu ndi mzungu wa ku Portugal. Nkhaniyo ikuthamangira kunyanja, sitima, gombe, asodzi. Ife a kumapiri kuno nyanja ya mchere tinaionera kuti? Ife pothawa tinkayang'ana phiri la Dedza, osati nyanja. Nkhondo imene inatipsereza ife, n'chifukwa chiyani nthawi zonse imafotokozedwa ndi ena, m'chilankhulo chimene amayi anga anamwalira asakuchimva?

Tadala (Tete, ku Matundo):
Agogo, pa Mia Couto ndiye ayi. Anabadwira ku Beira mu 1955, anakulira konkuno, anagwira ntchito ya utolankhani dziko litangolandira ufulu, anatsogolerapo magazini ya Tempo ndi nyuzipepala ya Notícias, ndipo nkhondo yonse anali m'dziko muno. Ndi mwana wa Mozambique ngati ife. Makolo ake ndiwo anachokera ku Portugal.

A Jere (Tsangano):
Sindikumulanda dziko, mdzukulu wanga. Ndikudziwa kuti ndi wathu, ndipo ulemu umene analandira kunja, Prémio Camões ija ya 2013, mphoto ya olemba m'Chipwitikizi, ndi ulemu wa dziko lonse. Chimene ndikunena n'chakuti Angonia, Tsangano, Macanga, Chifunde, tili ndi nkhani zathu zimene palibe analemba. Amene anaziona tikutha mmodzimmodzi.

Aphunzitsi Mbewe (Ulongwe):
A Jere, dandaulo lanu ndi loona ndipo silitsutsana ndi buku. Bukulo likunena zomwezo. Kindzu ndi mnyamata wamba, mwana wa msodzi, amene anaphunzira kulemba kwa mphunzitsi wa kumudzi kwawo, ndipo akulemba m'makope a kusukulu kuti zomwe waona zisafe naye. Muli nkhalamba inanso, Siqueleto, yotsala yokha m'mudzi umene anthu onse anathawa. Itaona kuti mwana amatha kulemba, inamuuza kuti alembe dzina lake pa mtengo. Dzina litalembedwa, inavomera kufa, poti tsopano mudzi sudzaiwalika. Mukaona bwino, buku lonse likukankha wowerenga kuti atenge kope alembe za kwawo. Apa ndi pamene ndikunena kuti filimu imataya kanthu. Woonera filimu amatuluka akuti ndaona nkhani yomvetsa chisoni. Wowerenga buku amatsala ndi kope m'manja.

Bambo a Yosefe (Zobue):
Koma aphunzitsi musaiwale kuti ambiri a ife kope m'manja sitingaligwire. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi chifukwa aphunzitsi athu anathawa, sukulu n'kuotchedwa. Filimu ndi imene inandifikitsa pa nkhaniyi. Popanda iyo bwenzi lero ndili chete pagulu pano.

Nachisale (Domwe):
Pamenepo bambo a Yosefe anena zoona. Tisanyoze khomo limene ena alowera.

Chikumbutso (Moatize):
Ine ndikufuna tikambe za mathero, chifukwa ndi pamene ine ndi mkazi wanga tinasiyana maganizo. Amene simunawerenge mundikhululukire, ndiulula. Mufilimu mwana akangowerenga za mayi wa m'sitima uja amakhulupirira kuti Gaspar wofunidwayo ndi iyeyo, ndiye ulendo wonse umakhala wofuna kukafika kunyanja kukapeza mayi ake. Uli ndi kolowera, ndipo woonera amadziwa chimene akudikira. M'buku sizili choncho. Mwana amayesa kudziika m'malo mwa anthu osiyanasiyana a m'makope, nthawi ina amaganiza kuti mwina iye ndi Junhito, mng'ono wake wa Kindzu. Dzina loti Gaspar limadzamugwera pa tsamba lomaliza penipeni, ndiponso m'maloto a Kindzu, pamene akuona mnyamata pamsewu atanyamula makope ake n'kumuitana ndi dzinalo. Buku limathera pomwepo. Sitiona mwana akukumana ndi make. Mkazi wanga akuti buku linamumana chimene ankadikira. Ine ndikuti buku linanena zoona.

Tadala (Tete, ku Matundo):
Ine ndili kumbali ya akazi anu, achimwene. Mwana amene wavutika chonchija, kumupatsa chiyembekezo n'kulakwa? Filimu inamupatsa chifukwa chodzukira m'mawa. Ndipotu mwana weniweni wotayika angachite zomwezo. Atamva kuti kwinakwake kuli mayi akufuna mwana wamsinkhu wake, angalumphe n'kunena kuti ndine. Pamenepo Teresa Prata anamvetsa mtima wa mwana.

Nachisale (Domwe):
Tadala mwana wanga, mbali imeneyo ukunena zoona. Kumsasa kukabwera anthu ofufuza mabanja ndi zithunzi za ana, ana amasiye onse ankathamangira, aliyense kufuna kuti akhale iyeyo. Koma ambiri ankabwerera chimanjamanja. N'chifukwa chake mathero a buku ine amandikhalira bwino pamtima ngakhale amawawa. Dzina limaitanidwa, koma woitanayo ndi munthu woti wafa kale, ndipo mayi ali kutali. Umu ndi m'mene zinathera kwa ambiri. Amene anapezana ndi awo analipo, tithokoze Mulungu, koma tisapange ngati anali onse.

Esinta (Furancungo):
Za Junhito mwatchulazo zinandisowetsa tulo. Tafotokozani aphunzitsi, ena amve.

Aphunzitsi Mbewe (Ulongwe):
Mwanayo bambo ake anamutcha dzina la tsiku la ufulu, 25 Juni, chifukwa cha chimwemwe cha 1975. Nkhondo itayandikira, bamboyo analota kuti mwana ameneyu adzaphedwa. Ndiye anaganiza zomubisa m'khola la nkhuku, anamuveka nthenga, n'kumuphunzitsa kulira ngati tambala, poganiza kuti zigawenga sizingaphe nkhuku ngati munthu. Mwana anakhala m'kholamo mpaka anaiwala kulankhula, kenako anasowa. Tangoganizani: mwana wotchedwa tsiku la ufulu, wotsekeredwa m'khola ndi bambo ake omwe pofuna kumuteteza, mpaka kusiya kukhala munthu. Wolemba sakufotokoza tanthauzo, amangokusiyira. Zinthu zotere pa pepala zimalowa mumtima chifukwa chithunzi umachipanga wekha. Kuziika pa kamera n'kovuta, mwana wovala nthenga akhoza kuseketsa anthu m'malo mowaliza.

Ndipo buku lili ndi anthu ambiri otere. Muli Surendra, mmwenye wa sitolo, bwenzi la Kindzu, amene anthu ankamuda chifukwa cha khungu. Muli Nhamataca amene akukumba mtsinje ndi manja ake. Muli mkulu wa boma wa tauni ya Matimati ndi nkhani ya katundu wa chithandizo amene ankathera m'manja mwa akuluakulu anthu akufa ndi njala. Muli mzukwa wa mtsamunda Romão Pinto umene ukubwerera kudzapangana za malonda ndi olamulira atsopano. Filimu inachita kupeta ngati mayi ali ndi lichero, n'kusunga makamaka maso a chimanga akuluakulu: mwana, nkhalamba, Kindzu, Farida. Sindikuimba mlandu wopetayo, akanatani. Koma mkwiyo wa bukuli pa anthu amene analemera ndi nkhondo uli mwa anthu ang'onoang'onowa.

A Jere (Tsangano):
Za katundu wa chithandizozo musandiyambitse. Tinaona ndi maso matumba olembedwa kuti osagulitsa ali pamsika. Sinditchula munthu. Koma ngati buku linalemba zimenezo mu 1992, mfuti zisanazizire, ndiye kuti wolembayo anali ndi chiwindi. Mgwirizano wa mtendere wa ku Roma unasainidwa pa 4 Okutobala chaka chomwecho, a Chissano a boma ndi a Dhlakama a Renamo. Anthu nthawi imeneyo ankaopa ngakhale kutchula mbali.

Chikumbutso (Moatize):
Ndipo mwaona kuti m'buku simutchulidwa kwambiri mayina a zipani? Amangoti zigawenga, achifwamba okhala ndi mfuti. Munthu wamba pamsewu sankafunsa kuti woombayo ndi wa mbali iti.

Madalitso (Calomue):
Ndafunsa anzanga kuno akuti palinso filimu ina ya nkhondo yomweyi, ya sitima yapamtunda. Ndi yomweyi kapena ina?

Tadala (Tete, ku Matundo):
Ndi ina. Imeneyo ndi Comboio de Sal e Açúcar ya Licínio Azevedo, ya 2016. Ndi ya sitima yochoka ku Nampula kulowera ku Cuamba ndi kumalire a Malawi, anthu atanyamula mchere kukasinthitsa ndi shuga, asilikali akuperekeza. Iyo ndiye wolemba buku ndi wokonza filimu ndi munthu mmodzi. Ndi yowongoka, ilibe za maloto zambiri. Bambo a Yosefe ingakukhudzeni chifukwa ndi koluna yomweyo, kungoti ya panjanji.

Bambo a Yosefe (Zobue):
Ndimuuza mwana andifunire.

Nachisale (Domwe):
Aphunzitsi, ndibwerere pa mfundo yanu yoyamba ija, ya mwana kuwerengera nkhalamba. Ine ndinayesa zimenezo ndi amayi anga chaka chatha. Maso awo anafooka ndipo Chipwitikizi amangomva moni. Madzulo tikatha kudya ndinkawerenga ndime imodzi chamumtima, kenako n'kuwafotokozera m'Chinyanja. Sitinkapita patali. Ndikangonena za kukwirira mitembo ya m'basi, iwo ankandidula n'kuyamba yawo: za tsiku limene anabisala m'munda wa chimanga ine atanditseka pakamwa ndi nsalu kuti ndisalire, za mbuzi zimene anazisiya zili zomangirira. Zinthu zimene sanandiuzepo chibadwire. Tsiku lina ndinawaonetsa filimu pafoni. Anayang'ana mpaka pa basi paja, n'kutembenuka, n'kuti zimitsa. Sanalankhulenso usiku umenewo. Ndiye kwa amayi anga buku linatsegula pakamwa, filimu inatseka. Kwa bambo a Yosefe filimu ndi imene yatsegula. Sindinganene kuti njira ndi imodzi.

Esinta (Furancungo):
Ichi n'chofunika kwa onse amene mukufuna kuonetsa akuluakulu. Muziwauza kaye zimene aone. Chithunzi chimabwera mwadzidzidzi, munthu alibe nthawi yokonzekera. Powerenga ukhoza kuima, kumwa madzi, kupitiriza mawa. Ndaonapo okalamba kuchipatala amene akangomva kuphulika kwa tayala thupi lonse limanjenjemera, zaka zonsezi zitapita.

Aphunzitsi Mbewe (Ulongwe):
Mayi Nachisale, zimene munachita ndi amayi anuzo ndi zimene ndikufuna achinyamata anga achite. Tagwirizana kuti aliyense atenge mutu umodzi, akaufotokozere agogo ake kapena wamkulu aliyense wa pamudzi m'Chinyanja, ndipo wamkuluyo akayamba kunena zake, mwana atseke buku atsegule kope. Osakakamiza munthu. Amene safuna kulankhula asiyidwe. Mayina a anthu amoyo asalembedwe popanda chilolezo chawo. A Jere, ngati mungalole, ndingatumize awiri kwa inu ku Tsangano tchuthi chikubwerachi.

A Jere (Tsangano):
Abwere. Koma abwere ndi makope okwanira, ndipo adzagone, chifukwa za 1986 zokha sizingathe tsiku limodzi. Ndidzaitananso alamu anga, iwo ndiwo anatsala kuno osathawa.

Tadala (Tete, ku Matundo):
Ine ndikadali pa mawu anga kuti kwa wachinyamata wa lero ndi bwino kuyamba ndi filimu, kenako buku. Aphunzitsi mukawapatsa buku poyamba theka adzathawa. Yesani gulu lina mwanjira imeneyi muone.

Aphunzitsi Mbewe (Ulongwe):
Vuto n'lakuti akayamba ndi filimu, powerenga adzakhala akudziwa kale kuti mwanayo ndi Gaspar, ndipo tsamba lomaliza silidzawagunda m'mene linandigundira ine. Koma ndiyesa ndi gulu la chaka chamawa, tidzafananize. Pakali pano chosowa ndi mabuku. Tili nalo limodzi lokha, masamba ena ayamba kuthothoka, ana khumi ndi awiri akusinthana.

Chikumbutso (Moatize):
Langa lili bwino, ndingakubwerekeni mpaka Disembala. Bambo a Yosefe, mumadutsa liti ku Ulongwe?

Bambo a Yosefe (Zobue):
Lachinayi ndikukatenga mbatata ku Domwe. Mundipatse Lachitatu madzulo pa Moatize, mulikulunge mu pulasitiki chifukwa mvula yayamba. Aphunzitsi mundidikire pamsika cha m'ma 10 koloko, ndidzakuimbirani ndikadutsa pa Mussacama.

Madalitso (Calomue):
Likatha kwa ana aphunzitsi lidzafikenso kuno, ine ndi mlongo wanga tili pamzere.